Johannesburg mpaka Sydney pa ndege: mtunda weniweni ndi uti, nanga n'chifukwa chiyani pobwerera pamatalika?

Wowerenga wina watilembera motere: "Ndikukonzekera kupita ku Sydney, m'dziko la Australia, kukaona mwana wanga, ndipo ndege ndikakwerera ku Johannesburg. Ndafufuza mtunda wake pa intaneti koma mutu wangoima. Tsamba lina likuti 11,044, lina 6,863, linanso 5,963. Pa tikiti imene andionetsa, popita ndi maola pafupifupi 12 koma pobwera ndi 14, chonsecho njira ndi yomweyomweyo. Pali tikiti ina yotchipirapo yodzera ku Dubai. Komanso pamapu a kampani ya ndege njirayo yapindika mpaka kulowera cha ku Antarctica. Kodi akutizungulitsa dala? Nanga injini itazima pakati pa nyanja zingathe bwanji? Ndili ndi zaka 61 ndipo ndimamwa mankhwala a BP."

Bambo, mtima m'malo. Palibe amene akukuzungulitsani, ndipo manambala atatu mwawapezawo onse ndi olondola. Akunena mtunda umodzi womwewo, kungoti miyezo ndiyo yosiyana. Ya 11,044 ndi makilomita. Ya 6,863 ndi mamailosi wamba, amene imodzi ndi makilomita 1.609. Ya 5,963 ndi mamailosi a panyanja, amene imodzi ndi makilomita 1.852, ndipo amenewa ndi amene oyendetsa ndege ndi sitima zapamadzi amagwiritsa ntchito. Mukaona zilembo km, mi kapena nm pambali pa nambala, mudziwa muyezo wake. Tengani foni muchulukitse 5,963 ndi 1.852, mubwerera pa 11,044 pompo, kupatula kilomita imodzi kapena ziwiri. Masamba ena amasiyanabe ndi makilomita makumi angapo chifukwa lina limayeza kuchokera pakati pa mzinda, pamene lina limayeza kuchokera pa bwalo la ndege la OR Tambo kukafika pa bwalo la Kingsford Smith. Kusiyana koteroko sikufuna n'kukuganizira komwe.

Koma nambala imeneyi muimvetse bwino. Ndi mtunda waufupi kwambiri umene ungatheke pakati pa malo awiriwo, pamwamba pa dziko lozungulira. Ndege yanu sidzayenda makilomita 11,044 ndendende, ndipo nambalayi payokha singakuuzeni maola amene mudzakhale pampando.

Tiyambe ndi njira yopindikayo, chifukwa ndi imene imasokoneza anthu ambiri. Pezani mpira, mulembepo timadontho tiwiri motalikirana, kenaka mukoke ulusi pakati pa timadonthoto mpaka ulimbe. Pamene ulusi wadutsapo ndiye njira yachidule, ndipo palibe ina yoiposa. Pa dziko lapansi zimakhalanso chimodzimodzi. Johannesburg ali pa madigiri pafupifupi 26 kummwera kwa ikweta, Sydney ali pa madigiri pafupifupi 34, ndipo kuchoka kwina kupita kwinako mumalowera kum'mawa ndi madigiri 123. Ulusi wokokedwa pakati pa mizinda iwiriyi sutsata mzere wopingasa umene diso limayembekezera. Umatsetsereka kulowera kummwera mpaka kufika pa madigiri pafupifupi 50, n'kudutsa pafupi ndi zilumba za Kerguelen, kenaka n'kukwera kulowa m'Australia cha kummwera kwake. Chifukwa chake n'chakuti dziko limachepa m'mimba mwake pamene mukuchoka pa ikweta. Pa ikweta, digiri imodzi yopita kum'mawa ndi makilomita 111. Pa madigiri 50 kummwera, digiri yomweyo ndi makilomita 71 okha. Ndiye ndege ikatsikira kummwera imadya madigiri ambiri ndi mtunda wochepa.

Amene akutinamiza ndi mapu. Mapu ambiri a pakhoma ndi a pafoni amatsatira kajambulidwe kamene katswiri wojambula mapu, Gerardus Mercator, anatulutsa mu 1569, kothandiza amalinyero kusunga mbali imodzi ya kampasi. Kuti dziko lozungulira ligone papepala lafulati, madera a kufupi ndi nsonga za dziko amatambasulidwa kwambiri. N'chifukwa chake Greenland amaoneka ngati akulingana ndi Africa, pamene Africa ndi wamkulu kuwirikiza ka 14. Pamapu oterowo njira yachidule imaoneka yopindika, ndipo mzere wowongoka umene mungajambule ndi rula pakati pa Johannesburg ndi Sydney ndi wautali ndi makilomita pafupifupi 800 kuposa wopindikawo. Imeneyo ndi pafupifupi ola lathunthu la mafuta. Kampani ya ndege singataye mafuta otero mwadala, chifukwa mafuta ndi china mwa zinthu zodya ndalama zambiri pa bizinesi yonse ya ndege.

Tsopano za maola 12 ndi maola 14. Ena adzakuuzani kuti n'chifukwa chakuti dziko limazungulira pansi pa ndege. Ayi. Mpweya umene ndege imayendamo umazungulira limodzi ndi dziko. Komanso dziko limazungulira kulowera kum'mawa, ndiye zikanakhala momwe iwo akunenera, ulendo wopita kumadzulo ndi umene ukanafupika. Zimene zimachitika ndi zosemphana ndi zimenezo.

Nkhani ndi mphepo. M'mwamba momwe ndege zikuluzikulu zimayenda, makilomita 10 mpaka 12 kuchokera pansi, muli mikwasa ya mphepo yamphamvu yotchedwa jet stream, yoomba kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa. Pakatikati pake liwiro limatha kupitirira makilomita 200 pa ola, ndipo nthawi yozizira limaposa pamenepo. Kummwera kwa nyanja ya Indian kulibe mapiri kapena mtunda waukulu wotchinga, ndiye mphepo za kumadzulo zimaomba chaka chonse mosalekeza. Ndege ngati Boeing 787 kapena Airbus A380 imayenda pafupifupi makilomita 900 pa ola poyerekeza ndi mpweya umene ikudutsamo. Tiyerekeze kuti pa ulendo wonse mphepo ikuikankha kumbuyo ndi makilomita 100 pa ola. Pansi ikhala ikudya makilomita 1,000 pa ola, ndipo 11,044 ithera m'maola 11. Pobwerera mphepo yomweyo ili kumaso, liwiro latsika kufika pa 800, ndipo ulendo womwewo ukufuna maola pafupifupi 14. Taonani kuti zimene mwapindula popita n'zochepa kuposa zimene mwataya pobwera, chifukwa mphepo ya kumaso mumalimbana nayo nthawi yaitali.

N'chifukwa chake njira imakonzedwa mwatsopano tsiku lililonse. Ndege isananyamuke, okonza ulendo amaika mu kompyuta malipoti a mphepo, kulemera kwa ndege ndi madera otsekedwa, ndipo amasankha njira yodya mafuta ochepa, ngakhale itakhala yaitali pa makilomita. Popita ku Sydney amafuna kulowa mu mkwasa wa mphepo n'kukhalamo. Pobwera amauthawa, ndipo kawirikawiri kothawira kwake ndi kummwera kwenikweni, kupitirira madigiri 60, komwe mphepo imafooka. Ndege zochokera ku Sydney zimanyamuka m'mawa n'kuyenda ndi dzuwa tsiku lonse, moti masiku ena amene akhala pazenera la kumanzere amatha kuona madzi oundana a m'mphepete mwa Antarctica. Ngati mumakonda zoterezi, mpando wake ndi umenewo, koma palibe angakulonjezeni, chifukwa zimatengera mphepo ndi mitambo ya tsikulo.

Zoterezi sizichitika pa njira yanu yokha. Mu February 2020, mphepo yamkuntho yotchedwa Ciara ili mkati, Boeing 747 ya British Airways inachoka ku New York n'kufika ku London m'maola 4 ndi mphindi 56, ulendo umene nthawi zambiri umaposa maola 6. Mu 2016 Air India inasintha njira yake yochoka ku Delhi kupita ku San Francisco, n'kuyamba kudzera kum'mawa pamwamba pa Pacific. Mtunda unatalika ndi makilomita oposa 1,000, koma nthawi inafupika chifukwa mphepo inali kumbuyo. Ndale nazo zimapinda njira. Kuyambira 2022, pamene mlengalenga mwa Russia munatsekedwa kwa makampani a ku Ulaya, ulendo wa Finnair wa pakati pa Helsinki ndi Tokyo unachoka pa maola pafupifupi 9 kufika pa 13. Mtunda wolembedwa pa intaneti sunasinthe ngakhale kilomita imodzi. Pa njira yanu, mu January 2025 Qantas, kampani ya ndege ya ku Australia, inachedwetsa maulendo ena a Sydney ndi Johannesburg chifukwa cha machenjezo akuti zidutswa za maroketi a kampani ya SpaceX zigwera m'dera la kummwera kwa nyanja ya Indian.

Maola olembedwa pa tikiti nawonso ali ndi kawerengedwe kake. Amayambira pamene ndege yachoka pa geti, n'kuthera pamene yaima pa geti ya kumene mukupita. Muli nthawi yoyenda pansi kupita pa msewu wonyamukira, yodikira pamzere, yokwera ndi yotsika pamene liwiro limakhala lochepa, ndi kanthawi kena kamene kampani imawonjezera kuti isamaoneke yochedwa. Mukafuna kuyerekeza nokha ulendo wina uliwonse wautali, gawani makilomita ndi 850, muwonjezerepo theka la ola. Ngati mukulowera kum'mawa chotsanipo pang'ono, ngati n'kumadzulo wonjezerani.

Chimene chimagwetsa anthu ambiri m'mavuto si mtunda, koma wotchi. Nthawi iliyonse pa tikiti ndi ya pamalo pamene pachitikire chinthucho. Yonyamuka ndi ya ku Johannesburg, yofika ndi ya ku Sydney. Sydney ali patsogolo ndi maola 8, koma kuyambira Lamulungu loyamba la October mpaka Lamulungu loyamba la April amasuntha wotchi, ndipo kusiyana kumakhala maola 9. Mwachitsanzo, mukanyamuka 17:00 Lachiwiri mu December n'kuyenda maola 12, mufika 14:00 Lachitatu. Pobwerera, mukanyamuka 09:30 n'kuyenda maola 14, mufika 14:30 tsiku lomwelo, ngati kuti mwayenda maola 5 okha. Kachizindikiro ka +1 pafupi ndi nthawi yofika kakutanthauza tsiku lotsatira. Mwana wanu mumutumizire nambala ya ndege ndi deti lofikira, osati lonyamukira. Anthu ambiri apita ku bwalo la ndege kukachingamira mlendo tsiku lisanakwane chifukwa cha kachizindikiro kameneka.

Tikiti yodzera ku Dubai muiyeze ndi manambala awa. Johannesburg mpaka Dubai ndi makilomita pafupifupi 6,400, maola 8. Dubai mpaka Sydney ndi pafupifupi 12,000, maola oyandikira 14. Pamodzi ndi makilomita oposa 18,000 ndi maola 22 muli m'mwamba, osawerengera odikira. Onani kuti chigawo chachiwiri chokhacho n'chachitali kuposa ulendo wonse wachindunji, chifukwa mwayamba mwakwera kumpoto kuwoloka ikweta kuti mukatsikenso. Kudzera ku Singapore ndi makilomita pafupifupi 15,000. Kudzera ku Perth ndi pafupifupi 11,600, ndipo pa njira zonse zoima panjira imeneyi ndi imene simutaya mtunda wambiri. Mitengo ya matikiti sitsatira makilomita. Imatsatira mpikisano ndi kuchuluka kwa mipando yosagulidwa, n'chifukwa chake njira yaitali imatha kutchipa.

Kwa munthu wa zaka zanu, ine ndingasankhe yachindunji ngati kusiyana kwa mtengo kuli kopiririka. Maola 12 pampando ndi ambiri, koma maola 22 ophatikiza ndi kudikira usiku pa bwalo lachilendo amafoola thupi kwambiri. Mukasankha yoima panjira, zigawo zonse zikhale pa tikiti imodzi. Zikatero, ndege yoyamba ikachedwa kampani ili ndi udindo wokuikani pa ina, ndipo katundu wanu amalembedwa mpaka kumapeto. Mukagula matikiti awiri osiyana, kuchedwa kwa yoyamba kuli kwa inu nokha, ndipo mungafunike kutuluka kukatenga katundu, zimene zingafune viza ya dziko limene mwangodutsamo. Siyani maola 2 kapena 3 pakati pa ndege ziwirizo. Mukadzera ku Perth dziwani kuti za pasipoti ndi kuunika katundu zimachitikira pa bwalo loyamba limene mwafikira m'Australia, ndipo dzikolo ndi lokhwima kwambiri pa zakudya, mbewu ndi zinthu zamatabwa. Chilichonse chotere muchilembe pa fomu yolowera. Kulemba sikulakwa, chindapusa chimagwera amene wabisa.

Za injini, mantha anu ndi omveka, chifukwa n'zoona kuti kummwera kwa nyanja ya Indian kulibe potera. Ku Kerguelen kulibe bwalo la ndege. Koma zimenezi zinaganiziridwa kale ndege isanaloledwe kudutsa kumeneko. Ndege ya injini ziwiri imatha kuuluka ndi kutera ndi injini imodzi. Imangotsika pang'ono n'kuchepetsa liwiro. Pali malamulo otchedwa ETOPS amene amanena kutalika kumene ndege ingatalikire ndi bwalo loti ingatere mwadzidzidzi, powerengera mphindi zouluka ndi injini imodzi. Kale malire anali mphindi 60. Injini zitayamba kudalirika anakwera kufika pa 120, kenaka 180. Lero Boeing 787 inavomerezedwa mpaka mphindi 330, ndipo Airbus A350 mpaka 370. Chilolezocho sichiperekedwa chifukwa cha injini zokha. Amaonanso kuti zozimitsira moto m'chipinda cha katundu zingagwire ntchito nthawi yonseyo, kuti magetsi ali ndi magwero angapo, ndiponso mmene kampaniyo imasamalira ndege zake. Kwa zaka zambiri Qantas inkayendetsa Boeing 747 ya injini zinayi pa njira imeneyi mpaka inazipumitsa mu 2020. Kenaka inaikapo 787, ndipo mu 2024 inabweretsapo A380, ya injini zinayinso. Pa pulani ya ulendo uliwonse pamalembedwa mabwalo othawirako, monga Durban, Mauritius, Perth kapena Melbourne malinga ndi pamene ndege yafika, komanso malo enieni pamene kubwerera ndi kupitirira zikufanana nthawi. Woyendetsa sayamba kuganiza zimenezi vuto litagwa kale.

Mafuta nawonso sathiridwa ongokwanira mtunda. Pamwamba pa a ulendo pamakhala owonjezera a zadzidzidzi, okafikira pa bwalo lina ngati la ku Sydney latsekedwa, ndi ena oti ndege izungulire m'mwamba mphindi 30 amene sayenera kukhudzidwa. Bwalo la OR Tambo lili pamtunda wokwera mamita pafupifupi 1,700, pamene mpweya ndi wopepuka, ndipo kukatentha umapepukiratu. Injini sizikoka ngati m'mphepete mwa nyanja, ndiye kulemera kumene ndege inganyamuke nako kumachepa. Mafuta sangachotsedwe, choncho tsiku lotentha chimene chimatsala ndi katundu wamalonda, ndipo mwa apo ndi apo masutukesi ena amabwera pa ndege yotsatira. Pachifukwa ichi ndi zifukwa zina, mankhwala anu a BP asalowe mu sutukesi yopita pansi. Akhale m'chikwama cha m'manja, m'mapaketi ake a ku famase, pamodzi ndi kalata ya dokotala, ndipo akhale okwanira ulendo wonse ndi masiku ena apadera.

BP yoyendetsedwa bwino ndi mankhwala siletsa munthu kukwera ndege. M'kati mwa ndege mpweya umakhala ngati wa paphiri la mamita 1,800 mpaka 2,400, ndipo ndi wouma kwambiri. Munthu amene mtima ndi mapapo zili bwino amangomva kutopa ndi kuuma kukhosi. Choopsa chenicheni pa ulendo wautali ndi kuundana kwa magazi m'mitsempha ya m'miyendo chifukwa chokhala malo amodzi. Bungwe la World Health Organization linapeza kuti chiopsezochi chimawirikiza pafupifupi kawiri munthu akakhala pansi maola opitirira 4, ngakhale kuti kwa anthu ambiri chimakhalabe chochepa. Sankhani mpando wa m'mbali mwa kanjira, makamaka popita pamene kunja kumakhala mdima nthawi yaitali. Dzukani ola lililonse kapena maola awiri aliwonse ngati chizindikiro cha lamba chazima. Muli pampando, pondani zala pansi n'kukweza zidendene, kenaka musinthe, kuti akatumba azipopa magazi. Pansi pa mpando wa kutsogolo musadzazepo katundu. Imwani madzi pafupipafupi, mowa muuchepetse, ndipo mapiritsi ogonetsa muwapewe chifukwa amakugoneka maola ambiri osasuntha. Aspirin musamwe mwa inu nokha poganiza kuti mukudziteteza.

Kaonaneni ndi dokotala wanu milungu ingapo ulendo usanafike. Akayeze BP, ndipo mukamufunse mmene mungasunthire nthawi yomwera mankhwala, popeza tsiku lopita lidzafupika ndi maola 8 kapena 9 ndipo lobwera lidzatalika chimodzimodzi. Kwa mapiritsi a kamodzi patsiku, kawirikawiri amalangiza kusunga nthawi ya kumene mwachokera pa tsiku la ulendo n'kumasuntha pang'onopang'ono mukafika, koma ngati mumabayanso insulin pulani yake ikhale yolembedwa. Ngati ena mwa mapiritsi anu ndi okodzetsa, mufunse nthawi yabwino yowamwera tsikulo. Mumuuze ngati munaundanapo magazi m'mwendo kapena m'mapapo, ngati mwachitidwa opaleshoni posachedwa, ngati mukulandira chithandizo cha khansa, kapena ngati mumabanika mukayenda pang'ono. Pamenepo ndi pamene angakulembereni masokosi othina ofika m'mawondo kapena jakisoni woteteza, ndipo kampani ya ndege ingafune fomu ya dokotala musanakwere.

Mukafika, thupi limatenga masiku angapo kuti lizolowere wotchi yatsopano, ndipo kulowera kum'mawa kumavuta kuposa kumadzulo. Masiku awiri oyamba musapangane zinthu zofunika m'mawa, ndipo tulo ta masana tisapitirire theka la ola. Kutupa pang'ono kwa mapazi onse awiri n'kwachizolowezi ndipo kumatha pakapita tsiku limodzi. Koma mwendo umodzi ukatupa, kutentha ndi kupweteka m'katumba, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale patapita milungu iwiri kapena kuposerapo chifikireni, ndipo mukanene kuti munayenda ulendo wautali wa pa ndege. Kubanika mwadzidzidzi, kupweteka pachifuwa kapena kutsokomola magazi sizidikira m'mawa. Ku Australia nambala ya ambulansi ndi 000, ndipo chithandizo kwa mlendo ndi chodula, choncho inshuwalansi ya ulendo imene mugule ikhale yoti munalembapo za BP yanu.